Ulendo wokaona nyama zakutchire: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu ofuna kupita ku gemu koyamba: aphunzitsi ofuna kutenga ana asukulu, magulu a kumpingo, mabanja, komanso abale athu okhala kunja amene akubwera kutchuthi. Ndayankha potengera malo a kuno kwathu ndi chigwa cha Luangwa ku Zambia, chifukwa ndi kumene ambiri a ife tingafike.

Kodi safari n'chiyani?

Ndi mawu a Chiswahili otanthauza ulendo. Masiku ano akati safari ndiye kuti ulendo wokaona nyama kumene zimakhala, osati m'makola. Mumalowa m'nkhalango yotetezedwa pa galimoto, pa boti kapena wapansi, n'kumayang'ana njovu, mvuu, njati ndi zina zikuchita zimene zimachita tsiku ndi tsiku. Kusaka kulibepo. Kwathu kuno timangoti kupita ku gemu.

Zimenezi si za azungu?

Funso ili ndi limene limandikhudza kwambiri. Pa chizindikiro cha dziko lathu pali mkango, kambuku ndi nkhwazi. Tinakula ndi nthano za kalulu, fisi ndi njovu, ndipo ena mfunda wathu ndi dzina la nyama. Koma munthu amabadwira ku Balaka, kukula, mpaka kumera imvi osaonapo njovu, chikhalirecho njovuzo zili kutsidya kwa Shire. Nkhalangozi ndi za Amalawi, ndipo mtengo wolowera wa nzika ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene mlendo wochokera kunja amalipira. Malo ogona ena ndi odula zedi, zimenezo n'zoona, koma simukakamizidwa kugona kumeneko. Onani funso la ndalama m'munsimu.

M'Malawi muno malo amenewa alipo angati?

Mapaki akuluakulu alipo 5: Nyika ku mpoto, Kasungu pakati, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi National Park kumwera. Palinso nkhalango 4 zosungirako nyama: Vwaza Marsh ku Rumphi ndi Mzimba, Nkhotakota, Majete ku Chikwawa, ndi Mwabvi ku Nsanje. Onsewa ali pansi pa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, koma Majete, Liwonde ndi Nkhotakota amayendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma.

Paki ya ku nyanja, ya ku Cape Maclear ija, inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, makamaka mbuna, ndipo kumeneko mumakaona za m'madzi. Ku Salima kuli malo ang'ono otchedwa Kuti, kumene kulibe zilombo zolusa, moti munthu amatha kuyenda pa njinga pakati pa mbidzi.

Ndikupita koyamba. Ndiyambire kuti?

Liwonde. Sindizengereza pa yankho limeneli. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, si yaikulu kwambiri, ndipo moyo wake wonse uli pa mtsinje wa Shire. Nyama ziyenera kumwa madzi, choncho zimabwera zokha kumene inu muli. Mukakwera boti masana simuchedwa kuona mvuu zili mulu m'madzi, ng'ona zikuothera dzuwa kukamwa kuli yasa, nakodzwe ndi nswala m'dambo, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo. Njovu zimatsikira kumtsinje madzulo, zina kuwoloka ndithu, chitamba chokha chikuoneka pamwamba pa madzi. Kumbuyo kwake kuli migwalangwa, milambe ndi nkhalango ya tsanya. Munthu amene sanaonepo nyama amabwerako atakhuta.

Kufikako n'kosavuta. Chipata chakumwera chili pafupi ndi tauni ya Liwonde. Amene akupita ku kampu yotchedwa Mvuu, m'kati mwa pakiyi, angathenso kukhotera pa Ulongwe, pa msewu wa ku Mangochi, n'kukawoloka Shire pa boti.

Ngati muli ku Blantyre, Majete ndiye pafupi, makilomita pafupifupi 70. Mumatsika zitunda za ku Thabwa, kuwoloka Shire, kudutsa pa boma la Chikwawa. Majete ndi ya mapiri ndi thengo lowirira, nyama zimafuna kuzisaka ndi maso, koma kuli mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo kuli akadyansonga, amene ku Liwonde simungawaone. Kukutentha kumeneko, muzidziwiratu.

Musayese kuphatikiza malo atatu pa masiku awiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tinkamva kuti nyama zinatha kalekale. Zimene zilipozi zinachokera kuti?

Munamva zoona. Pofika zaka za m'ma 1990, ku Majete njovu zinali zitaphedwa zonse, chipembere ndi mikango zinali zitapita kale, ndipo anthu ankangolowamo kukawotcha makala. African Parks inayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2003. Anamanga mpanda wa magetsi kuzungulira, kulemba ntchito a gemu ambiri, n'kuyamba kubweretsa nyama: zipembere mu 2003, njovu kuyambira 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018. Zonse pamodzi zinaposa 2,500, zina zochokera m'mapaki a kuno konkuno, zina ku Zambia ndi ku South Africa.

Liwonde ndi Nkhotakota zinatsatira mu 2015. Ku Liwonde a gemu anazula misampha ya waya masauzande ambirimbiri, moti inkachuluka kuposa nyama zimene zinatsala. Akakwiyo anabwera mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021.

Njovu zitachuluka kumwera, pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Ankazilasa mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, banja lonse pamodzi, kuzinyamula ndi makina, n'kuzikweza m'malole. Mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Nkhani ya ku Kasunguyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo ndaifotokoza pa funso la anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango.

Nyengo yabwino ndi iti?

Yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Udzu umauma n'kugwa, mitengo imayoyola masamba, zithaphwi za m'thengo zimaphwa, nyama zonse n'kusonkhana kumtsinje. Juni ndi Julayi kumazizira m'mawa koma masana kumakhala bwino. Seputembala ndi Okutobala ndiye pachimake pa kuona nyama, koma dzuwa la ku Chikwawa ndi ku Luangwa pa nthawiyo limaswa mtengo, kutentha kumaposa madigiri 40. Okalamba ndi ana aang'ono atengeni nthawi ya chisanu.

Dzinja lili ndi kukoma kwake. Kumabiriwira, nswala zimaswa mvula ikangoyamba, mbalame zochokera kutali zimafika, ndipo malo ogona ambiri amatsitsa mitengo. Vuto ndi matope: misewu ina imatsekedwa, makampu ena amatseka mpaka mvula itatha, ndipo njati ikhoza kuima mu udzu pafupi nanu osaiona.

Ndikonze ndalama zingati?

Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho imbani ku ofesi ya paki kapena kumalo ogona musananyamuke. Chimene ndingakuuzeni ndi kumene ndalama zimapita. Pachipata mumalipira za munthu aliyense pa tsiku, ndi za galimoto padera. Nzika imalipira m'makwacha, koma muyenera kuonetsa chiphaso cha unzika, ndiye musachiiwale kunyumba. Ulendo wa pa galimoto ya paki, wa pa boti kapena wapansi uli ndi mtengo wakewake. Kenako mafuta, chakudya ndi pogona.

Pogona ndiye pamasiyanitsa zinthu. Maloji apamwamba monga Mkulumadzi ku Majete kapena Tongole ku Nkhotakota amawerengera m'madola. Pali malo apakati monga Thawale ndi Mvuu Camp, ndiponso malo okhomera tenti yanu n'kumadziphikira nokha. Mukhozanso kugona m'tauni ya Liwonde n'kulawirira kuchipata m'mamawa. Maloji ambiri ali ndi mtengo wapadera wa anthu okhala m'dziko muno, koma sauza munthu amene sanafunse. Safunsa anadya phula.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi ya gulu: anthu 10 kapena 15 kusonkherana, kubwereka minibasi, kunyamula kamba wawo, kupita m'mawa kubwerako madzulo.

Galimoto yanga ndi yaing'ono. Ingalowe? Nanga ngati ndilibe galimoto?

Nthawi yopanda mvula, galimoto yaing'ono imafika pachipata cha Liwonde ndi cha Majete, ndi kuyenda pa misewu ikuluikulu ya m'kati mosamala. Timisewu ta m'thengo timafuna galimoto yokwera m'mwamba. M'dzinja, komanso pa ulendo wa ku Nyika nyengo iliyonse, pamafunika yokoka ndi matayala onse anayi. Thirani mafuta okwanira musanalowe, ndipo tayala lapadera likhale ndi mpweya.

Opanda galimoto kwerani basi mpaka pa Liwonde. Malo ogona a kufupi ndi chipata amakonza maulendo a pa boti ndi pa galimoto zawo. Kulowa m'paki imeneyi wapansi, pa njinga kapena pa kabaza sikuloledwa.

Tsiku la ku gemu limayenda bwanji, ndipo ndikhale masiku angati?

Nyama zimayenda kukamacha ndi kukamada. Masana zimabisala pamthunzi ngati mmene ife timachitira. N'chifukwa chake amakudzutsani cha m'ma 5 koloko, kumwa tiyi, n'kunyamuka kusanawale bwino. Mumabwerera cha m'ma 10, kudya, kupuma, n'kutulukanso cha m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo. Amene amafika pachipata 11 koloko n'kutuluka 2 koloko ndi amene amabwerako akunena kuti ku gemu kulibe kanthu.

Mukagona masiku awiri mumakhala ndi m'mawa uwiri ndi madzulo awiri, ndipo kwa woyamba zimenezo n'zokwanira. Oyendetsa okha galimoto ayenera kutuluka kapena kukhala atafika pa kampu dzuwa lisanalowe. Zipata zimatsekedwa cha m'ma 6 koloko.

Kodi ndikaona mkango?

Palibe angakulonjezeni, ndipo wokulonjezani akukunamizani. Mkango umagona pafupifupi tsiku lonse, ndipo ukagona mu udzu wouma umafanana ndi udzuwo. Mwayi ulipo ndithu ku Majete ndi ku Liwonde, makamaka mukakhala ndi gaidi, chifukwa iwo amawerenga mapazi pa fumbi, amamva anyani akabwebweta ndi nswala zikafwenthera, amaona kumene miimba ikuzungulira, ndipo amauzana pa wayilesi.

Alendo ambiri amabwera ndi mndandanda wa nyama zisanu zotchuka: njovu, mkango, kambuku, njati ndi chipembere. Mndandandawu unachokera kwa alenje akale, amene ankati zimenezi ndi zoopsa kuzisaka wapansi. Zonse zisanu zilipo ku Majete, koma chipembere cha kuno chimakonda ziyangoyango, ndipo kambuku amayenda usiku. Ine ndimamva chisoni ndikaona anthu akudutsa mphalapala yamphongo, yakuda bii, nyanga zitapindikira kumsana, osaima n'komwe chifukwa akuthamangira mkango. Zimitsani injini pa dziwe, mukhale chete kwa mphindi 20. Njiri zidzabwera michira ili m'mwamba, ngoma idzatulukira pang'onopang'ono, nkhanga zidzatsetsereka m'mzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa galimoto, pa boti, wapansi, usiku: kusiyana kwake n'kotani?

Galimoto imakufikitsani kutali ndiponso pafupi ndi nyama, chifukwa nyama zinaizolowera ndipo siziona anthu amene ali m'katimo ngati anthu. Boti ndi la mvuu, ng'ona, mbalame ndi njovu zakumwa madzi. Ulendo wa usiku umachitika pa galimoto ya paki kapena ya loji yokha, ndi nyali yowala kwambiri, ndipo ndi pamene mungaone fisi, nungu, changa, akadzidzi, mwinanso kambuku.

Wapansi ndi wina. Mumayenda pamzere, mwakachetechete, patsogolo pali wa gemu wonyamula mfuti ndi gaidi. Simuona nyama zambiri, koma mumaphunzira kusiyanitsa ndowe za fisi, zoyera chifukwa cha mafupa amene amadya, ndi za nyama zina, kudziwa kumene mphepo ikulowera, ndi kuzindikira mtengo umene njovu yakhulapo thupi. Mukaona njovu muli pansi, miyendo yanu yokha, m'pamene mumadziwa kukula kwake.

Si zoopsa?

Ngozi kwa alendo n'zosowa, ndipo zikachitika kawirikawiri pamakhala pophwanyidwa lamulo. Musatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa. Musaimirire kapena kutulutsa thupi pawindo pafupi ndi mkango. Musakuwe, musaimbe hutala, musaponye chakudya. Musayandikire m'mphepete mwa madzi, ngakhale kukasamba m'manja: ng'ona ya pa Shire sioneka ikamabwera.

Nyama imene anthu amaipeputsa ndi mvuu. Imaoneka yaulesi, koma pamtunda imathamanga kuposa munthu, ndipo m'madzi imagubuduza bwato. Anthu a ku Nsanje sanaiwale ngozi ya mu 2023, pamene mvuu inagunda bwato lodzaza anthu pa Shire. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa iyo ndi madzi. Njati yamphongo yokalamba, yoyenda yokha, nayonso si yoseweretsa.

Njovu ikaima pamsewu ndichite chiyani?

Imani patali, ndipo muonetsetse kuti kumbuyo kwanu kuli njira yobwerera. Dikirani. Msewuwo ndi wake. Njovu imene ikudya, kugwedeza mchira ndi kukupiza makutu pang'onopang'ono ili pamtendere, ikungodziziziritsa. Ikatambasula makutu, kutukula mutu, kupukusa mutu kapena kulira, ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, osaliza injini mwamphamvu.

Ziwiri zofunika kuzipatsa mpata waukulu ndi yaikazi ya mwana ndi yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukudontha m'miyendo. Imeneyo ili pa nyengo yake yolusa. Musalowetse galimoto pakati pa gulu, ndipo musayese kuidutsa mothamanga.

Ndivale chiyani, ndinyamule chiyani?

Zovala za mtundu wa dothi kapena wa masamba. Zoyera mbee ndi zofiira zimaonekera patali, ndipo zakuda ndi zabuluu zimakoka akashembe. Zovala za mawangamawanga ngati za asilikali zisiyeni kunyumba. Tengani juzi ya m'mawa ngakhale mukupita ku Chikwawa, chipewa, nsapato zotseka, tochi, madzi akumwa ambiri, ndi mankhwala anu a masiku onse. Chitenje chimathandiza pa fumbi ndi pa dzuwa. Ngati mungabwereke zoonera patali, bwerekani. Zimasintha ulendo wonse, makamaka kwa ana.

Nanga matenda?

Malungo ndiye oyamba, chifukwa malo ambiriwa ali m'zigwa zotentha. Gonani m'masikito, valani zamikono italiitali madzulo, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu. Abale amene mwakhala zaka ku Britain kapena kwina kopanda malungo, thupi lanu silikulimbana nawonso monga kale, ndipo ana obadwira kumeneko sanakumanepo nawo. Kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke.

Ku Vwaza, Nkhotakota, Kasungu ndi Luangwa kuli akashembe, ntchentche zoluma zimene zina zimafalitsa kaodzera. Nsalu zabuluu ndi zakuda zimene mudzaone zitapachikidwa m'mitengo ndi misampha yake. Kulumidwa sikutanthauza kuti mwadwala, koma mukatentha thupi mutabwerako, malungo osapezeka, kapena pamene munalumidwa patatupa n'kuchita chilonda, auzeni achipatala kumene munapita. Kaodzera amachizika akapezeka msanga.

Ana angapite? Nanga sukulu imakonza bwanji?

Angapite, ndipo ndi amene ayenera kupita. Pa galimoto ndi pa boti ana amaloledwa, kungoti wamng'ono kwambiri amatopa ndi kukhala chete maola atatu. Pa ulendo wapansi malo ambiri salola ana osakwana zaka 12.

Aphunzitsi lembani kalata ku ofesi ya paki nthawi ikadalipo, munene tsiku ndi chiwerengero cha ana. Mapaki ali ndi anthu ophunzitsa za chilengedwe amene amalandira magulu a sukulu, ndipo mtengo wake umakhala wapadera. Sukulu zimene zili ndi kalabu ya zachilengedwe zingafunsenso thandizo ku Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kwa a ku Lilongwe amene sangafike patali, Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zopulumutsidwa, ndi poyambira pabwino.

Ku Nyika amati n'kosiyana. Kusiyana kwake n'kotani?

Nyika ndi paki yaikulu kuposa onse m'Malawi, yoposa masikweya kilomita 3,000, ndipo ili pamwamba pa phiri, mamita oposa 2,000. Kulibe tsanya kapena milambe. Ndi zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka kumene maso alekezera, nkhungu ikuyenda pansi. Nyama mumaziona patali: mbidzi, chilembwe, ntchefu, mphoyo. Akambuku aliko, ndipo amaoneka kufupi ndi nkhalango ya paini ya ku Chelinda. M'dzinja maluwa a m'tchire amitundu yoposa 200 ya ma orchid amaphuka.

Kumazizira zenizeni. Mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuuma usiku. Njira yake ndi ya ku Rumphi, Bolero, chipata cha Thazima, kenako makilomita ena pafupifupi 60 a msewu wafumbi kukafika ku Chelinda. Nyamukani m'mawa, ndipo mafuta muthire ku Rumphi kapena ku Mzuzu. Vwaza ili m'munsi mwake, ndipo pa nyanja yaing'ono ya Kazuni pamasonkhana mvuu ndi njovu.

Ndikufuna kuwoloka malire. South Luangwa ndi yotani?

Kwa wokhala ku Lilongwe, South Luangwa ndi ulendo wa tsiku limodzi: Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata, kenako msewu wa tala kutsikira ku Mfuwe. Pakiyi ndi ya masikweya kilomita 9,050, kutanthauza kuti Liwonde ingalowemo kangapo konse. Mtsinje wa Luangwa uli ndi mvuu zochuluka zedi, ndipo ndi amodzi mwa malo abwino kwambiri mu Africa oonerako kambuku. Kuli mtundu wa kadyansonga wotchedwa Thornicroft umene supezeka kwina kulikonse. Maulendo apansi aja anatchukira kumeneku, kudzera mwa Norman Carr, katswiri woteteza nyama zakutchire. Chakumapeto kwa chaka, mango akuthengo akapsa, njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo cha Mfuwe Lodge kupita ku mtengo umene zinauzolowera.

Chosangalatsa china n'chakuti simukhala mlendo kwenikweni. Eni dera ndi Akunda, koma Chinyanja chimamveka paliponse, moti gaidi akhoza kukufotokozerani zonse m'chinenero chathu. Mmalawi safunika viza, koma pasipoti ikhale yosatha. Ngati mukupita pa galimoto yanu, tengani bulubuku, kalata ya apolisi yoilola kutuluka m'dziko ndi inshulansi yogwira ntchito ku Zambia, ndipo konzekerani misonkho ya pamalire. Pachipata cha paki funsani mtengo wa anthu a m'maiko a SADC.

Ndili ku Joni. Kufupi ndi kuti? Nanga nyumbu zowoloka mtsinje zija zili kuti?

Kuchokera ku Johannesburg, Pilanesberg ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu, ndipo kulibe malungo. Kruger ndi yaikulu kwambiri, misewu yake yambiri ndi ya tala, galimoto yaing'ono imayenda bwinobwino, koma malungo aliko. Nyumbu zimene mumaziona pa kanema zikudumphira mu mtsinje wa ng'ona ndi za ku Serengeti ku Tanzania ndi Maasai Mara ku Kenya. Zimawoloka mtsinje wa Mara pakati pa Julayi ndi Okutobala, ndipo ulendo umenewo ndi wodula.

Wina akandigulitsa nyama ya m'tchire kapena chosema cha mnyanga, ndigule?

Ayi. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu, monga ya minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere ndi ngaka, chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Wogula ndi wosunga amaimbidwa mlandu ngati wakupha yemwe. Nyama yowamba imene imagulitsidwa mobisa kufupi ndi nkhalango imachokera ku misampha ya waya, ndipo waya sasankha: amadula chitamba cha mwana wa njovu, amapha mkango, amapha mimbulu. M'paki musatole ngakhale nyanga yogwa yokha kapena nthenga. Kuulutsa kandege kojambulira popanda chilolezo n'koletsedwanso.

Anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango amapindula chiyani?

Funso ili liyenera kufunsidwa, ndipo yankho lake lili ndi mbali ziwiri. Phindu lilipo: ntchito za u gemu, za m'maloji ndi zokonza mpanda, ana olipiriridwa fizi, ulimi wa njuchi, mijigo, ndi nthawi zimene anthu amaloledwa kulowa kukamweta udzu wofolera. Kumene mpanda wa magetsi uli wolimba, monga ku Majete ndi ku Liwonde, njovu zolowa m'minda zinachepa kwambiri.

Koma mtolo wolemera amasenza ndi anthu omwewo. Malo ambiriwa anali midzi ndi minda ya makolo awo. Ku Nyika anthu anasamutsidwa pamene paki inakulitsidwa mu 1978, ndipo ena akali ndi chilonda mumtima. Ku Kasungu, njovu zija zitafika mu 2022 mpanda unali usanazungulire paki yonse. Zinatuluka, kudya chimanga m'minda ndi m'nkhokwe, ndipo anthu anafa, kuno ndi kutsidya ku Zambia. Mlimi amene munda wake wa chaka chonse watha usiku umodzi saona njovu monga mmene mlendo wa kamera amaionera, ndipo dandaulo lalikulu la anthuwa ndi lakuti chipukuta misozi sichibwera.

Inu monga mlendo, gulani uchi, madengu, masamba ndi zosema za mtengo kwa anthu a m'midzi yozungulira. Pemphani musanajambule munthu. Mukamacheza nawo, mverani zimene akunena za njovu osawatsutsa, chifukwa iwo ndi amene amagona nazo pafupi.

Gaidi timamupatsa kangachepe?

Si lamulo, koma ndi mwambo, ndipo n'koyenera ngati wakuthandizani bwino. Gaidi wabwino anaphunzira zaka, amadzuka inu musanadzuke, ndipo moyo wanu umakhala m'manja mwake. Mpatseni pamanja pa tsiku lomaliza. Maloji ambiri alinso ndi bokosi la antchito ena amene simuwaona, ophika, ochapa ndi alonda. Pa gulu, sonkhanani n'kupereka pamodzi.

Tikagona pa kampu, usiku nyama sizibwera?

Zimabwera. Makampu ambiri alibe mpanda, ndipo mvuu imadya kapinga pafupi ndi khonde, njovu imathyola nthambi kuseri kwa tenti. Mudzamva fisi akulira, mvuu zikuseka kumtsinje, ndipo mukachita mwayi mkango ukubangula kutali chakum'bandakucha. Kawirikawiri nyama siilowa mu tenti yotseka, choncho kokani zipi mpaka pansi ngakhale kukutentha. Musasunge zipatso m'kati, makamaka malalanje ndi mango, chifukwa njovu imanunkhiza patali. Chakudya chitsekereni m'galimoto, apo ayi anyani ndi apusi adzakuthandizani kudya kukacha.

Kukada simuyenda nokha kuchoka kodyera kupita kogona. Mlonda amakuperekezani ndi tochi, ndipo akati imani, imani. Pitani kuchimbudzi musanagone. Mukafuna thandizo pakati pa usiku, gwiritsani ntchito wezulo kapena belu limene amakusiyirani, kapena walitsani tochi pawindo, mlonda adzabwera. M'mawa musanavale nsapato zikutumuleni, chifukwa zinkhanira zimakonda kugonamo.